Kodi ulusi wa intaneti ungayeze madzi akumwa?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi ku Moatize. Ndamva kuti ulusi wagalasi umene umanyamula intaneti, ukamatidwa golide, umatha kuyeza madzi. Zimatheka bwanji, ndipo kodi chipangizo chotere chingatiuze ngati madzi a mumtsinje wa Revúbuè ali oyenera kumwa?

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mwamvazo n'zoona. Mukaviika mthiko m'ndowa ya madzi umaoneka wothyoka, chifukwa liwiro la kuwala limachepa m'madzi poyerekeza ndi mumpweya. Nambala yosonyeza kuchepako imatchedwa refractive index, ndipo ya mpweya ndi 1.00, ya madzi oyera ndi 1.33, pamene ya galasi la ulusiwu ndi pafupifupi 1.45. Mchere kapena shuga ukasungunuka m'madzi, nambalayo imakwera.

Ulusiwo ndi wowonda ngati tsitsi, koma uli ndi mtima wonyamula kuwala komanso khungu loutchinga. Akatswiri amapala khungulo pakadera kakafupi n'kumatapo golide wochindikala pafupifupi mananomita 50. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni. Kuwala kukafika pamenepo, maelekitironi a golideyo amagwedezeka pamodzi n'kumeza mtundu umodzi wa kuwalako, ndipo mtundu womezedwawo umasintha malinga ndi nambala ya madzi amene akukhudza golide. Chipangizo cha kumapeto kwa ulusi chimangoona mtundu umene wasowa. Njirayi anaisonyeza Jorgenson ndi Yee a ku University of Washington mu 1993. Masiku ano ofufuza ena amayala pamwamba pa golide graphene, yemwe ndi kaboni wochindikala atomu imodzi yokha amene anapatulidwa ku Manchester mu 2004, chifukwa tinthu ta m'madzi timamatirira bwino pa iye.

Mbali yachiwiri ya funso lanu ndiyo ikundikhudza kwambiri, popeza ikunena za moyo wa ana amene mukuwaphunzitsa. Chipangizochi chimadziwitsa kuti m'madzi mwasintha kanthu, koma pachokha sichitchula kuti ndi chiyani, moti mchere wosavulaza ndi poizoni zingakweze nambala mofanana. Kuti chizindikire tizilombo ta kolera kapena mtovu, pagolidepo pamafunika kumatanso mankhwala ogwira chinthu chimenecho chokha, ndipo ntchito yambiri yotere idakali m'malabotale. Kutentha nakonso kumasokoneza: nambala ya madzi imatsika ndi pafupifupi 0.0001 pa digiri iliyonse, ndipo kuno ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, madzi omwewo angapereke zotsatira zosiyana m'mawa ndi masana ngati chipangizocho sichinakonzedwe kuti chiziwerengera zimenezi.

Choncho madzi a Revúbuè muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini monga Certeza. Zimenezi zimapha tizilombo koma sizichotsa zitsulo zosungunuka, ndiye ngati mukukayikira za zitsulozo, tengani madziwo akayezedwe kulabotale.