Azakhali, za opaleshoni ya chilungulira ija

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndauona, koma kulemba kukanatalika, ndiye ndangoti ndilankhule. Mwati mawu akhala akusasa, pakhosi pakumveka ngati pakakamira kanthu, ndipo adokotala akuganiza kuti ndi asidi wa m'mimba amene akukwera mpaka kukhosi. Ndiye mukufunsa ngati opaleshoni ingathetse zonsezi.

Opaleshoniyo ilipo, ee. Koma kukhosiko sakhudzako ayi, ntchito yonse amagwirira kumimba. Pamene mmero umalumikizana ndi chifu pali kamnofu kotseka ngati chitseko, kakafooka asidi amabwerera m'mwamba. Ndiye amatenga mbali yakumtunda ya chifu n'kuikulunga mozungulira kumunsi kwa mmero kuti pathine. Imatchedwa Nissen fundoplication, kutengera dokotala Rudolph Nissen amene anaiyamba mu 1955. Masiku ano nthawi zambiri sang'amba mimba yonse, amangoboola timabowo tingapo n'kulowetsa kakamera. Ina yotchedwa Toupet amakulunga mbali yokha, osazungulira ponse.

Tsono pano mundimvetsere bwino, azakhali, chifukwa ndi pomwe mtima wanga uli. Opaleshoni imeneyi imathandiza kwambiri anthu a chilungulira chenicheni, aja amati akagona madzi owawasa abwera m'kamwa. Koma kwa munthu amene vuto lake ndi la kukhosi kokha, zotsatira zake sizodalirika chimodzimodzi. Ena amachitidwa, chilonda n'kupola bwinobwino, mawu n'kukhalabe osasa. Chifukwa chake n'chakuti khosi limasasa ndi zambiri: mamina otsikira kumbuyo kwa mphuno, utsi, mphumu, ngakhale kulankhula mokweza tsiku lonse. Ngati asidi sindiye wolakwa, kumanga chifu sikuthandiza kanthu.

N'chifukwa chake musalole kugonekedwa asanatsimikize. Ayang'ane kukhosi ndi kummero ndi kakamera. Pali kuyeza kwina kumene amalowetsa kachubu kowonda kudzera m'mphuno, mumakhala nako maola 24 kakuwerenga nthawi zimene asidi wakwera. Kwinanso amayeza mphamvu ya mmero pomeza. Zimenezi zikaonetsa kuti asidi akukweradi, makamaka ngati chifu chasuntha n'kulowa pang'ono m'chifuwa, pamenepo nkhani ya opaleshoni ikhala ndi mutu.

Ndipo ili ndi zovuta zake. Masabata oyambirira kumeza kumavuta, mumadya zamadzimadzi ndi zofewa zokhazokha. Ena amalephera kugeya kapena kusanza, mimba imangodzaza mpweya. Ena pakapita zaka amabwereranso ku mankhwala.

Mankhwala ochepetsa asidiwo, omeprazole uja anakupatsani, mukumwa bwanji kodi? Ambiri amamwa atadya kale, pomwe amafunika kumwa kukatsala mphindi 30 kuti mudye. Komanso khosi limachedwa kupola, pamafunika miyezi iwiri kapena itatu musananene kuti akanika. Madzulo muzidya kukatsala maola atatu kuti mukagone, ndipo bedi mulikweze kumutu, osati kungounjika mapilo.

Koma chinthu chimodzi musachizengereze. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kapena chakudya chikamakakamira, kapena mukamaonda osadziwa chifukwa, kapena mukaona magazi, akuyang'aneni kukhosi msanga, musadikire kuti mankhwala athe. Inu mwati "akhala akusasa" koma simunanene kuti ayamba liti. Mundiuze lero lomwe, azakhali, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lisanafike ndikulemberani mayina a zoyezazo kuti mukawafunse adokotala.