South Sudan ayambire pa mfuti

Achimwene, mu proposal yanuyo ya mtendere wa ku South Sudan yambani ndi asilikali. Mgwirizano wa mtendere wa 2018 unanena kale kuti magulu a Pulezidenti Salva Kiir ndi mtsogoleri wa otsutsa Riek Machar akhale gulu limodzi la nkhondo koma zikuyenda ngati kamba, ndiye aliyense akakhalabe ndi mfuti zake nkhondo yapachiweniweni ija inayamba mu 2013 ibwerera basi. Muikemonso khothi loweruza milandu ya pa nkhondo lomwe bungwe la mayiko a mu Africa la AU linkayenera kukhazikitsa, mpaka lero kulibe, amayi omwe anagwiriridwa mu tawuni ya Bentiu akudikirabe chilungamo, zimandipweteka zimenezi. Ine ndakulira ku Dedza limodzi ndi othawa nkhondo a ku Mozambique, anayamba kubwerera kwawo mfuti zitazizira mu 1992. Koma mbali ya constitution musalembe nokha, pezani loya wodziwa malamulo a ku South Sudan.