Owerenga Afunsa: Njinga Yopanda Chishalo Ndi Yotani?

FUNSO: Mwana wanga wandionetsa makanema awiri pa foni. Mu woyamba, mnyamata akudumpha ndi njinga yopanda chishalo kuchoka pamwala wina kupita pa unzake ataimira tayala lakumbuyo lokha, oweruza atamuzungulira. Mu wachiwiri, munthu akuyenda mothamanga mumzinda, akukwera zipupa ndi kutembenuka m'malere, ndipo njinga yake ili ndi chishalo. Mwanayo akuti onsewa ndi masewero amodzi otchedwa trials. Kodi akunena zoona? Kholo, Lilongwe.

YANKHO: Mwana wanuyo sananame, ngakhale kuti zimene mwaonazo ndi nthambi ziwiri za mtengo umodzi zimene zakula motalikirana ndithu. Masewero a trials anayamba ndi njinga zamoto, ndipo cholinga chake kuyambira kale chinali chodutsa malo ovuta osapondetsa phazi pansi, mosayang'ana kuti wafika msanga ndani. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Catalonia m'dziko la Spain, Pedro Pi, amene ankagwira ntchito kukampani yopanga njinga zamoto ya Montesa, anakonza kanjinga kakapalasa koti mwana wake Ot Pi aziphunzirirapo. Mwanayo anadzakhala katswiri wa dziko lonse kangapo konse, ndipo bamboyo anayambitsa kampani ya Monty mu 1983, imene inafalitsa njinga za mtunduwu.

Kanema woyambayo ndi wa mpikisano. Okonza mpikisano amaunjika miyala, zipika, mapaipi akonkire kapena matabwa, n'kulemba malire a njira imene wokwera ayenera kudutsa pa mphindi ziwiri. Pa malamulo a bungwe la UCI, lomwe limayang'anira masewero a njinga padziko lonse, njirayo imagawidwa zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chigawo chilichonse chimene munthu wadutsa osalakwitsa chimamupatsa mapointi 10, kotero kuti wochita bwino kwambiri amapeza 60. Kuponda pansi ndi kulakwa, ndipo kutsamiritsa pedulo kapena mimba ya njinga pamwala ndi kulakwanso, pakuti chololedwa kukhudza chopingacho ndi matayala okha. Zolakwa zikakwana zisanu, wokwerayo amachoka m'njiramo ndi mapointi amene wapeza. Bungwe lina, la BIU, limawerenga zolakwa zokha, kuti wochepa nazo ndiye wapambana, ndipo limalola kupumira papedulo. Amuna amapikisana m'magulu awiri, a matayala a mainchesi 20 ndi a mainchesi 26. Mayina odziwika m'zaka zaposachedwapa ndi monga Jack Carthy wa ku Britain ndi Nina Reichenbach wa ku Germany, amene onse atenga ukatswiri wa dziko lonse kangapo, ndipo mu Ogasiti 2023 mpikisano wa dziko lonsewo unachitikira ku Glasgow.

Kanema wachiwiriyo ndi wa mtundu umene eni ake amautcha street trials, kutanthauza trials ya mumsewu. Kumeneko kulibe woweruza, kulibe wotchi ndipo kulibe malire olembedwa. Wokwera amayang'ana masitepe, zipupa, mabenchi ndi zitsulo za m'mphepete mwa msewu, n'kudzipangira yekha njira, ndipo anzake amamuyamikira poona mmene akulumikizira chochita china ndi chinzake mosadukiza. Ambiri mwa maluso ake, monga kuzungulitsa felemu m'malere kapena kuyenda mtunda ndi tayala limodzi osapalasa, anabwerekedwa kwa okwera tinjinga todumphira totchedwa BMX. Mtunduwu unalipo kale, popeza anthu ngati Hans Rey ndi Ryan Leech wa ku Canada ankajambula makanema otere zaka zambiri m'mbuyomo, koma unafalikira kwambiri mu Epulo 2009, pamene kanema wa Danny MacAskill, mnyamata wa pachilumba cha Skye ku Scotland, wojambulidwa m'misewu ya Edinburgh, anaikidwa pa YouTube n'kuonedwa ndi anthu miyandamiyanda. Ife timaona kuti wa mpikisano amafanana ndi mwana wa sukulu amene akulemba mayeso okonzedwa ndi ena, pamene wa mumsewu amadzifunsa yekha funso n'kuliyankha pamaso pa anzake.

FUNSO: Ndine wokonza njinga pamsika, ndipo njinga zambiri zadutsa m'manja mwanga, koma yopanda chishalo sindinaionepo. Kodi n'chifukwa chiyani amachichotsa, nanga zipangizo zina zimasiyana bwanji ndi za njinga ya mumsewu ija? Mmisiri, Mzuzu.

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi limene lili pamtima pa nkhaniyi, chifukwa chilichonse chimene chili pa njinga ya mpikisano chinaikidwapo, kapena kuchotsedwapo, ndi cholinga chimodzi: kuti munthu athe kuimirira patayala lakumbuyo ndi kudumphira pamwamba kwambiri kuchokera pamene waima. Akatswiri amatha kudumphira cham'mbali pachipupa chopitirira mita imodzi, ndipo kuti atero amayamba anyonyomala mpaka matako kutsala pang'ono kukhudza tayala, kenako n'kudzitambasula mwamphamvu ndi kukokera njingayo m'mwamba pafupi ndi thupi. Chishalo chikanakhalapo chikanawatchinga pa mayendedwe onse awiriwo, komanso pa mphindi ziwiri za njira ija palibe nthawi imene munthu amakhala pansi. N'chifukwa chake felemu yake ndi yotsika kwambiri, yooneka ngati ndodo imodzi yolumikiza mahandulo ndi tayala lakumbuyo.

Malo amene zopalasira zimazungulirapo amakwezedwa kuposa mzere wa mahabu, pamene pa njinga wamba amakhala m'munsi mwake. Zimenezi zimachititsa kuti njingayo ikhazikike bwino ikaimitsidwa patayala lakumbuyo, koma ikakhala pamatayala onse awiri imaoneka yosakhazikika kwa munthu wosaizolowera. Mahandulo ndi otambalala ndipo amatulukira kutsogolo kwambiri. Giya ndi imodzi yokha, yopepuka: pa njinga ya mainchesi 26 kawirikawiri mano amakhala 18 kutsogolo ndi 15 kumbuyo, ndipo pa ya mainchesi 20 amakhala 18 ndi 12. Chimene chingakudabwitseni ngati mmisiri ndi chakuti fuliwilo nthawi zambiri imamangidwa kutsogolo, pazopalasira, osati pahabu yakumbuyo, kotero kuti tcheni chimazungulirabe pamene tayala likuyenda ngakhale munthu asakupalasa. Fuliwiloyo imakhala ndi mano ambiri ogwirira m'kati, kuti phazi likangokankha pang'ono tayala liyankhe nthawi yomweyo.

Pa mabuleki ndi pamene pali kusiyana kumene ife timakuona kosangalatsa. Wa mpikisano safuna buleki yochepetsa liwiro pang'onopang'ono. Amafuna yomanga tayala nga! pomwepo, chifukwa akatera m'mphepete mwa mwala, tayala likangotsetsereka pang'ono basi wagwa chagada. Ambiri amagwiritsa ntchito mabuleki oyendera mafuta ogwira palimu, makamaka a Magura HS33, ndipo amapala limuyo ndi galayindala kuti ikhale yokhakhala, ena n'kupakanso kaphula pang'ono. Ndicho chifukwa chake njingazi zimalira mokweza akagwira buleki, phokoso limene inu mukalimva pa njinga ya kasitomala mungati pali chovuta. Wa mumsewu amakonda mabuleki a disiki, popeza amafunika kugwira mochepa kapena mochuluka malinga ndi liwiro, monga pamene akutsetsereka ndi tayala lakutsogolo lokha.

Matayala nawo ali ndi nkhani yawo. A mpikisano ndi ofewa, omata, ndipo amapopedwa mpweya wochepa kuti akumbatire mwala ndi kubweza ngati mpira. Lakumbuyo limakhala lonenepa, ndipo pa njinga yotchedwa ya mainchesi 20 limu yakumbuyo kwenikweni ndi ya mainchesi 19 kuti tayala lonenepalo likwane. Malimu amabooledwa mabowo akuluakulu pofuna kuchepetsa kulemera, ndipo njinga yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 8. Ya mumsewu, imene nthawi zambiri ndi ya mainchesi 24, monga zimene kampani ya Inspired ya ku Britain inatchuka nazo, imalemera makilogalamu 11 kapena 12, chifukwa iyenera kupirira kutera pakonkire mothamanga tsiku ndi tsiku. Matayala ake amapopedwa kwambiri kuti aziyenda mopepuka, giya yake ndi yolemererapo, monga mano 22 ndi 16, felemu ndi yaifupi kuti izitembenuka msanga, ndipo kachishalo kamakhalapo kothandiza kupanira njinga ndi miyendo komanso kupumirapo pochoka malo ena kupita ena.

FUNSO: Ndili ndi njinga ya m'mapiri imene ndinagula pakaunjika. Kodi ndingayambe nayo, kapena ndidikire mpaka nditapeza yeniyeni? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Musadikire. Maluso oyambirira ndi amodzi ku nthambi zonse ziwiri, ndipo njinga yanuyo ikukwanira: kuima malo amodzi osaponda pansi, kusuntha tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo cham'mbali mosinthanasinthana, kudumphadumpha pamalo, ndi kukwera kachipupa kofika m'kakolo musanaganize za kofika m'bondo. Tsitsani chishalo mpaka pansi, ikani tcheni pagiya yopepuka, gwiritsani ntchito mapedulo afulati ogwira bwino nsapato, ndipo pitani kwa mmisiri akuonereni mabuleki ndi tcheni, pakuti tcheni chikaduka pamene mwakankha mwamphamvu, mumagwera pamahandulo. Chipewa choteteza mutu ndi zotchingira misongolo n'zofunika kuyambira tsiku loyamba, popeza pedulo ikaterereka imamenya msongolo mopanda chisoni. Njinga zonyamulira katundu ngati za kabaza zisiyeni pantchito yake, chifukwa mabuleki ake a ndodo sagwira mwamphamvu mmene masewerowa amafunira.

Mukadzafika pogula, ife tingakulangizeni ya mumsewu, pokhapokha ngati mukufuna kukapikisana kunja. Njinga ya mpikisano imachita chinthu chimodzi bwino kwambiri, koma simungayende nayo ngakhale kuchoka ku Chinamwali kukafika kumsika waukulu wa Zomba osatopa, ndipo malimu ake obooka aja akaphwanyika mudzayenera kuitanitsa ena kunja. Ya mumsewu ikakhala ya mainchesi 26 ili ndi ubwino wina kwa inu, woti machubu, masipoko ndi matayala ake mungawapeze m'misika yathu.