Memories of Murder ndi yabwinodi kapena anthu akungoikokomeza?

Achimwene, mwandilembera pa imelo kuti anzanu akuitama kwambiri filimu ya Memories of Murder koma inu munaisiyira pakati poti ikuchedwa, ndiye mwamvanso kuti wakuphayo sagwidwa n'komwe, mukufunsa ngati muiyambirenso. Yambiraninso chonde.

Anaipanga ndi Bong Joon-ho mu 2003, yemwe uja anapanganso filimu ya Parasite, ndipo nkhani yake inachitikadi. Kuyambira 1986 mpaka 1991 azimayi 10 anagwiriridwa n'kuphedwa ku Hwaseong, dera la minda ya mpunga ku South Korea. Ambirife tikamva za munthu wopha anthu motsatizana timadikira magazi komanso wapolisi wanzeru zoopsa woti aulule zonse kumapeto, koma kuno kamera imakhala pa apolisi oti ntchito yawakulira. Song Kang-ho akusewera wapolisi wakumudzi amene amati akangomuyang'ana munthu m'maso amadziwiratu ngati ndi wolakwa, ndiye pamalo pomwe apeza mtembo anthu ali piringupiringu, atolankhani, ana, thirakitala n'kudutsa kufufuta chidindo cha nsapato ya wakuphayo iye akukuwa koma palibe womumvera. Kuchedwa mukudandaulako ndi dala, akufuna mutope limodzi ndi apolisiwo, mvula ikayamba kugwa usiku nanunso mtima uzithamanga kuti kwinakwake mayi wina akuyenda yekha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi momwe amamenyera mnyamata wina wolumala m'maganizo kuti avomere mlandu woti sanapalamule, mpaka kumuphunzitsa zoti anene pa tepi. Si zopeka ayi, m'moyo weniweni bambo wina anakhala m'ndende zaka 20 chifukwa cha imodzi mwa imfa zimenezi ndipo khoti linadzamupeza wosalakwa mu 2020.

Pofooka pake palipo, azimayi ophedwawo sitiwadziwa bwino, ambiri timangowaona ali mtembo kale, ndipo zimenezo zimandidandaulitsa.

Za kusagwidwa kwa wakuphayo, nthawi imene filimuyi imatuluka analidi asanadziwike. Anadzamutulukira mu 2019 kudzera mu DNA, dzina lake Lee Choon-jae, ali kale m'ndende chifukwa chopha mlamu wake mu 1994, ndipo anavomera kuti anapha anthu 14, koma sanathe kumuzenga milandu ya ku Hwaseong poti nthawi yololedwa ndi malamulo inali itatha mu 2006. Mukamaonera ana asakhale pafupi.