Amuna Anga Akuti Nkhawa Zanga Zikuwapanikiza

Mwa makalata omwe ndalandira pa imelo sabata ino, imodzi ndakhala nayo masiku atatu osaiyankha, chifukwa inandikumbutsa zanga. Mayi wina walemba kuti amuna ake akachedwa kufika pakhomo amawaimbira foni mobwerezabwereza, mpaka tsiku lina bambowo anamuuza kuti, "Nkhawa zakozi zikundipanikiza." Ndiye akufunsa kuti, kodi kudera nkhawa munthu si umboni woti ukumukonda?

Achemwali, ndisanakuyankheni mundilole ndiyambe ndi kwathu.

Amayi anga sankagona mpaka aliyense atalowa m'nyumba. Ankakhala pafupi ndi zenera, khutu lili kunja, akamva mgugu wa mapazi n'kudzuka. Munthu ukafika mochedwa unkawapeza maso ali gwa, ndipo mawu awo oyamba ankakhala oti, "Ndimayesa wafa." Ine ndinakula ndikudziwa kuti chikondi ndi chimenecho, kuti mayi amene wagona tulo mwana asanabwere ndi wouma mtima. Nditakhala ndi banja langa ndinachita ngati mmene ankachitira iwo, koma ine ndinali ndi foni m'manja, chinthu chomwe iwo analibe.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 19 anayenda ulendo wake woyamba wautali ali yekha. Madzulo ndinamuimbira, foni osapezeka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Pa maola atatu otsatira ndinaona zonse m'mutu mwangamu: galimoto itagubuduzika, iye ali pabedi kuchipatala, anthu atasonkhana pakhomo panga kudzandipepesa. Ndinalira maliro a mwana wamoyo. Ndinaimba maulendo oposa 20. Usiku ataimba yekha n'kunena kuti batire linatha, m'malo mothokoza kuti ali bwino ndinamulalatira mpaka mawu kusasa.

Anandisiya ndimalize, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Amayi, n'chifukwa chake sindikuuzani zinthu."

Patapita nthawi ndinadzamva kuti chaka chimenecho anadwalapo kwa milungu ingapo osandiuza. Anauza abambo ake, n'kugwirizana kuti ine ndisamve chifukwa ndisiya kudya ndi kugona. Taganizani, achemwali. Ine amene ndinkadziona kuti ndimasamala kuposa aliyense m'nyumbamo, ndinali womaliza kumva mavuto a mwana wanga. Iye akudwala ankasenzanso ntchito yonditeteza ine.

Ndiye ndikuyankheni mosapita m'mbali: ayi, nkhawa si chikondi. Zimamera m'munda umodzi ngati mbewu ndi udzu, ndipo zikadali zazing'ono zimafanana, koma udzuwo ukausiya umapha mbewu. Mukamaimba foni kachisanu, amene mukumuthandiza si amuna anu. Iwo ali bwinobwino komwe ali. Mukufuna kuti mtima wanu ukhale pansi, ndipo mwawapatsa iwo ntchito youkhazika pansi, tsiku ndi tsiku, kaya ali pamsonkhano kaya akuyendetsa galimoto. Ndikudziwa kuti mawuwa akupweteka. Inenso anandipweteka.

Chomwe chimandikwiyitsa n'choti anthu timayamikira khalidweli. Timati, "Uyu ndiye mayi weniweni, sagona chifukwa cha ana ake." Mwana wamkazi akumva, ndipo akuphunzira kuti kuonda ndi maganizo ndi ulemu. Abambo nawonso asanamizire kuti izi n'za amayi okha. Ambiri amadera nkhawa kwambiri, kungoti zawo zimatuluka ngati ukali, kapena kungokhala duu osalankhula ndi munthu, kapena kufunsa mkazi kuti unali kuti ndipo unali ndi ndani. Nsanje yambiri ndi nkhawa yomweyi. Palinso amene amati wodera nkhawa ndi wopanda chikhulupiriro. Amenewa amangomuwonjezera munthu manyazi pamwamba pa mantha, ndipo iye amayamba kubisa vuto lake m'malo molifunira thandizo.

Chinandithandiza ine chinali kumvetsa mmene chizolowezichi chimadzidyetsera. Ubongo ukaganiza kuti pali choopsa, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. Thupi limachita zimenezi ngakhale ngoziyo ili m'maganizo mokha. Ukaimba foni n'kumva mawu a munthuyo, mtima umatsika, ndipo ubongo umaphunzira kuti kuimbako ndiye mankhwala. Mawa umafuna kuimba msanga kuposa dzulo. Komanso choipa chomwe unkaopa chikapanda kuchitika, penapake mumtima umakhulupirira kuti nkhawa zako ndi zomwe zachiletsa, ndiye kusiya kudandaula kumaoneka ngati kusiya mwana pamsewu.

Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Penn State ku America, Lucas LaFreniere ndi Michelle Newman, anapempha anthu 29 odwala matenda a nkhawa kuti azilemba zomwe akuopa kwa masiku 10, kenako n'kulondoloza kwa mwezi kuti aone zomwe zachitikadi. Pafupifupi zinthu 91 pa 100 zilizonse sizinachitike. Anthuwo anali ochepa, komabe nditawerenga ndinatenga kope langa n'kuyamba kulemba zanga. Mwezi utatha ndinakhala pansi n'kumawerenga maliro onse omwe ndinalira pachabe, ndipo ndinamva chisoni ndi masiku omwe ndinataya.

Musadzione ngati muli nokha. Bungwe la World Health Organization linati m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa.

Nanga mutani?

Khalani pansi ndi amuna anu pa nthawi yomwe simunakangane, muwauze zomwe zimachitika m'mutu mwanu akachedwa. Mugwirizane kuti iwo azitumiza uthenga umodzi akaona kuti achedwa, inu musaimbe nthawi yomwe mwapangana isanakwane. Masiku oyamba manja adzayabwa, mtima udzagunda, koma mukapirira mantha amatsika okha. Yesaninso njira yomwe katswiri wa zamaganizo Thomas Borkovec ndi anzake anafotokoza mu 1983: kupatula mphindi 30 pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse zoganizira nkhawa zanu, ndipo ikabwera nthawi ina muilembe kuti idikire. Ngati nkhawa yakhala ikukuvutitsani masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposa, mukusowa tulo, mukukwiya msanga, thupi lili lotopa, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Ndi matenda ochizika.

Ine sindinachiriretu. Mwezi wathawu mwana wanga yemwe uja anandiimbira yekha kundiuza kuti ntchito yamuthera. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, ndinamufunsa zomwe akuganiza kuchita, tinatsanzikana. Usiku umenewo tulo tinandivuta, foni ndinaigwira kawiri n'kuibweza patebulo. M'mawa anaimbanso kudzandifunsa maganizo pa kalata yofunsira ntchito ina.

Achemwali, mukayankhula ndi amuna anu mundilemberenso, ndimve kuti akuti chiyani.