Munthu wa bwato la ku Nkhotakota angawedze pa kayaki ku Durban?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito kuno ku Durban. Akuti anakulira ku Nkhotakota, nkhafi anayamba kuigwira asanalowe sukulu, ndipo Loweruka lililonse amaona anthu akulowa m'nyanja ya mchere pa timabwato ta munthu mmodzi totchedwa kayaki, n'kubwerako ndi nsomba zitalizitali. Akufunsa kuti tsiku lotere limayenda bwanji, komanso ngati munthu wa kunyanja kwathu angakwanitse.

Achimwene, mungakwanitse, ndipo zambiri mukuzidziwa kale. Paja kwathu asodzi a utaka amalondola virundu, miyala ija ya pansi pa madzi pamene nsomba zimasonkhana. Kunonso n'chimodzimodzi. Timapalasa kupita pamwamba pa matanthwe obisika, chifukwa pamenepo pamakhala tinsomba, ndipo pamene pali tinsomba zikuluzikulu sizitalikira. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu malo amawasunga m'mutu poyang'ana phiri ndi mtengo wa kumtunda, pomwe kuno ambiri amadalira GPS, kachipangizo kolozera malo.

Tsiku limayamba dzulo lake madzulo, poona za mphepo. Mphepo ya kumpoto chakum'mawa imakonda kukula dzuwa likakwera, choncho timalowa m'madzi kukungocha, kuti pofika masana tikhale titatuluka. Yoopsa kwambiri ndi ya kum'mwera chakumadzulo, imene imafika mwadzidzidzi ngati mwera wa mu Juni. Akanena kuti ikubwera, ine sindipita, olo anzanga atumize zithunzi za nsomba zotani.

Chimene nyanja yathu sinakuphunzitseni ndi mafunde osweka pagombe. Apa ndiye mundimvetsetse. Mafunde a kuno amabwera m'magulu, akuluakulu angapo motsatizana, kenako kampata ka bata. Mumaima m'madzi ofika m'maondo, mutagwira kayaki, n'kumawerenga. Kampata kakafika mumakwera ndi kupalasa ndi mphamvu zonse, mphuno ya kayaki italunjika funde, osacheuka. Ulendo wanga wachitatu ndinazengereza pakati, funde linanditembenuza, ndodo ya mbedza inathyoka, ndipo ndinatuluka mchenga uli m'kamwa ndi m'makutu. N'chifukwa chake ndimauza oyamba kumene kuti ayambire pa gombe la Vetch's, pafupi ndi malo achisangalalo a uShaka, pamene madzi amakhala ofatsirapo kusiyana ndi ku magombe a Umdloti kapena Umkomaas.

Mukadutsa mafunde, ntchito yoyamba ndi nyambo. Timaponya chingwe cha timbedza tambiri n'kukola tinsomba tamoyo, makamaka mackerel ndi maasbanker. Kansombako timakakoloweka mosamala kuti kasafe, kutsogolo kwa mbedza n'kuika kawaya, chifukwa couta, nsomba imene aliyense amaifuna m'miyezi yotentha, ili ndi mano onga lezala ndipo chingwe wamba imadula kamodzi. Kenako mumapalasa pang'onopang'ono m'mbali mwa thanthwe, nyambo ikusambira kumbuyo.

Pamatha ola, mwina awiri, kuli zii. Mumangomva madzi akumenya pansi pa kayaki, nyumba zitalizitali za mu mzinda zitasanduka tizinthu. Ndiye mwadzidzidzi chokulungira chingwe chimalira, chingwe chikuthawa, kayaki n'kutembenuka yokha kuyamba kukokedwa. Musalimbane nayo, ilekeni itope. Ikayandikira mumaiona ikunyezimira pansi, ikuzungulira. Mumaikola ndi ngowe, kuimenya m'mutu, n'kuilowetsa m'chibowo chosungira nsomba chimene chili pakati pa miyendo, mutu wake utaloza kutali ndi inu. Nthawi zina chingwe chimalemera kenako n'kupepuka, mukakoka mupeza mutu wokha. Ameneyo ndi shaki, chinsomba cholusa chodya zinzake, ndipo asodzi a kuno amati wadula msonkho. Choncho musalendeweretse nsomba m'madzi, ngakhalenso miyendo yanu pamene pali magazi.

Samalaninso ndi kukoka kwa madzi. Gombe lino limadutsidwa ndi mkokomo wa Agulhas, madzi ofunda othamangira kum'mwera, ndipo mukatanganidwa ndi nsomba mudzazindikira muli kutali ndi pamene munalowera. Ku Aliwal Shoal, thanthwe lotchuka limene lili pafupifupi makilomita 5 kuchokera kugombe la Umkomaas, madzi amakoka kwambiri, komanso ndi malo otetezedwa, mbali zina saloleza kuwedza. Kumeneko si koyambira.

Za malamulo ndinene mwachidule, koma musazipeputse, makamaka ife alendo. Pamafunika chiphaso chowedzera, nsomba zonse pamodzi, kupatula tinsomba ta nyambo, zisapitirire 10 pa tsiku, mitundu ina ili ndi malire akeake, ndipo kugulitsa zimene mwagwira n'koletsedwa. Ndikudziwa kuti kwathu nsomba ndi ndalama, koma kuno ndi chiphaso chimenechi ndi ndiwo basi.

Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse, osati kuikhalira. Nkhafi muimangirire ku kayaki, foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi ndipo muikemo pulogalamu ya SafeTrx, imene imathandiza a NSRI, opulumutsa anthu panyanja, kudziwa pamene muli. Musalowe nokha, ndipo kunyumba adziwe nthawi imene mutuluke.

Pobwerera mafunde aja amakudikirani, tsopano ali kumbuyo kwanu, inu mutatopa ndipo kayaki yalemera. Longedzani ndodo ndi mbedza zonse mkati musanayandikire, dikirani lalikulu lidutse, mulitsatire pambuyo pake. Tsiku loyamba mbedza musiye kunyumba, achimwene. Pitani ndi mnzanu wodziwa, mudzigwetse dala m'madzi akuya, mukwerenso, mubwereze mpaka thupi lizolowere. Mukatha zimenezo mundilemberenso, tidzakambirane za nyambo.