Vuto lili pa PWM, osati pa fyuluta

Mwafunsa chifukwa chake sine wave (mafunde osalala a magetsi) ya 50 Hz yochokera pa kabolodi ka Arduino Uno ikutuluka ngati mano a sowo ngakhale mwaika fyuluta ya resistor ndi capacitor yoti isalaze mafundewo. Ine ndikuona kuti fyulutayo ilibe mlandu. Vuto ndi PWM, njira yoyatsa ndi kuzimitsa pini mofulumira kuti ioneke ngati ikutulutsa mphamvu ya magetsi yosinthasintha. Pa mapini ambiri lamulo la analogWrite limayendetsa PWM imeneyi pa 490 Hz, pafupi kwambiri ndi 50 Hz, moti resistor ndi capacitor sizingathe kuzilekanitsa bwino. Ikani timer (chowerengera nthawi cha m'kabolodimo) pa fast PWM ya 8-bit popanda prescaler (chochepetsa liwiro la timer): 16 MHz ya kabolodiko kugawa ndi masitepe 256 a 8-bit, mupeza 62.5 kHz. Mukatero, resistor ya 1 kΩ ndi capacitor ya 100 nF zidula cha pa 1.6 kHz, mafundewo n'kusalala. Chonde, manambala a sine muwasunge m'tebulo. Kuwerengetsa sin() mkati mwa interrupt (kachigawo ka pulogalamu komwe timer imaitana pafupipafupi) kumachedwetsa zinthu. Musadabwenso mukaona pakati pa mafundewo pali pa 2.5 V, osati pa ziro.